ULENDO WA PA NDEGE NDI MWANA WAMNG'ONO PA NTHAWI YA CIGUMULA

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa ku dera la Mfumu Yaikulu Lundu, m'boma la Chikwawa. Taisindikiza muno kuti mafumu aiwerengere anthu ao pa bwalo.



Masiku onse ndikadza pano pa wailesi ndimanena za thonje, mapira, mcewere ndi ng'ombe. Lero ndadza ndi nkhani yina, ndipo ndidziwa kuti ena a inu mudzaseka pakumva Mlangizi wa Malimidwe alikunena za ndege. Mudzati, "Ife alimi a kwa Lundu tidzakwera ndege liti?" Koma tafunsani anzathu a ku Makhanga, tsidya la Shire m'boma la Nsanje. M'mwezi wa January, caka ca 2015, mtsinje wa Ruo unasiya njira yace nulowa m'minda ndi m'midzi, ndipo dziko lao linasanduka cilumba. Kwa masabata angapo thandizo linali kuwafikira podzera m'mwamba. Asilikali athu anapulumutsa anthu ndi maboti, ndiponso ndi ndege ija ya mapiko ozungulira pamwamba imene timaicha helikopita. Amai amene anakwera ndegezo ndi ana ao sanalotepo kuti tsiku lina adzauluka, ndipo panalibe munthu amene anawauziratu macitidwe ace.

Cigumula ca caka cimeneco cinapha anthu 106 m'dziko muno, ena 172 anasowa, ndipo anthu 230,000 anathawa m'nyumba zao. Madzi anabweranso mu March 2019. Anabweranso ndi namondwe Ana mu January 2022, ndiponso ndi namondwe Freddy mu March 2023. Pa nthawi ya Freddy akufa ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo maiko a Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege zao kudzathandiza. Ndiko kunena kuti kanai m'zaka 9. Cotero nkhani ya ndege siiri ya anthu a ndarama okha iai. Iri yathu ife okhala m'mbali mwa mitsinje, ndipo lero ndifuna tinene za mmodzi amene sangadzilankhulire yekha, ndiye mwana wamng'ono.

MWANA WOBVUTA PA ULENDO

Mwa ana onse, wobvuta kuyenda naye ndi uja wayamba kumene kuyenda, wa caka cimodzi kufikira zaka 3. Khanda silibvuta kwambiri, pakuti ukalibereka ligona. Mwana wa zaka 6 kapena 7 amamva mau, amathamanga, ndipo akasocera atha kuchula dzina la atate ace ndi la mudzi wace. Koma wa pakatiyu miyendo ali nayo, nzeru alibe. Ukamtsitsa pansi kuti umange katundu, potembenuka upeza wapita. Saopa madzi, saopa moto, saopa citsulo cozungulira. Alemera makilogalamu 10 kapena 13, ndipo mai wombereka atopa msanga, makamaka ngati ali ndi pakati pena kapena khanda m'manja. Madzi ongofika m'akakolo mwa munthu wamkulu akwanira kummiza akagwa cafufumimba. Akatsekula m'mimba afooka m'tsiku limodzi. Ndipo akalekana ndi amace pa cipwirikiti, sadziwa kunena kuti ndi mwana wa yani.

NDEGE SIIDZA MSANGA

Mau anga oyamba ndi awa: musakhale pansi kuyembekezera ndege. Ndege za mtundu umenewu nzowerengeka, ndipo madzi akasefukira kuno amakhala atasefukiranso ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Zomba. Woyendetsa sangauluke bwino mitambo iri pansi, kapena mvula iri kugwa kwambiri, kapena usiku. Tsono masiku amene madzi ali pa ukali ndi omwewo amene ndege imakhala pansi. Ndiponso ndege iri yonse iri ndi muyeso wa katundu amene ingathe kunyamula. Kukatentha monga kumatenthera kuno kwathu, mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, ndipo muyeso uja umacepa. Banja limene lakwera pa culu kapena mu mtengo lingathe kudikira masiku awiri kapena atatu, ndipo mwana wa zaka 2 sangapirire masiku otere pa mvula wopanda cakudya.

Ulendo wabwino wa mwana ndi wa pansi, madzi asanafike. Kumbukirani kuti madzi otiononga ife sagwa kuno. Amagwa ku mapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre, Neno ndi Mwanza, natsika ndi mitsinje ya Ruo, Thangadzi, Mwanza ndi Shire yemwe. Kuno nyenyezi zingathe kuoneka bwino lomwe, mtsinje nkudzaza pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Mu 2022 madzi anaphwanya damu la magetsi la Kapichira, nadula mseu waukulu wa M1. Madzi amene aphwanya damu lomangidwa ndi makina, kodi adzaleka khoma la zidina?

Sindiri kunena kuti musiye madimba anu. Ine monga mlangizi ndidziwa kuti matope amene mtsinje umasiya ndiwo amatipatsa cimanga, nyemba ndi mbatata za m'cilimwe pamene kumtunda kuli gwa. Limani ku dimba, koma ana agone kumtunda. Pangananitu ndi abale anu okhala pa malo okwera mvula isanalimbe, kuti a zanyengo akangocenjeza pa wailesi kapena pa foni, amai, ana ndi okalamba anyamuke tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Cimene cimacedwetsa mabanja ambiri ndi cuma. Bambo akuti, "Sindisiya khola langa." Mai akuti, "Sindisiya amuna anga." Wolipira mlandu umenewu ndi mwana. Cifukwa cace samutsani ng'ombe ndi mbuzi mwezi wa December. Mbeu zimene mudzabzala madzi akaphwa muziike m'cigubu couma cotseka bwino, ndi kukazisungitsa kumtunda pamodzi ndi cakudya cina. Dziwani kuti ndege yopulumutsa anthu siinyamula mbuzi kapena mapira. Thumba limodzi la makilogalamu 50 lilanda malo a ana 4.

Ngati mwacedwa ndipo madzi afika, musaoloke madzi othamanga ndi mwana kumbuyo. Madzi othamanga, ngakhale asanafike m'maondo, amagwetsa mwamuna wamphamvu, ndipo inu nonse mudziwa kuti m'madzi a Shire muli ng'ona. Kwerani pa malo okwera amene ali pafupi, ndi kudikira bwato kapena ndege pamenepo.

KATHUMBA KA MWANA

Nyumba iri yonse yokhala ndi mwana wamng'ono ikhale ndi kathumba kamodzi kokonzeratu, kopacikidwa pafupi ndi khomo. M'menemo muikemo buku la ku sikelo la mwanayo, lokulungidwa m'pepala la pulasitiki, pakuti ndimo mwalembedwa katemera amene analandira ndi matenda amene anadwala. Muikemonso botolo la madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, mapaketi awiri a Thanzi, ufa wa phala pang'ono, kapu, supuni, nsaru ziwiri zouma ndi neti ya udzudzu. Kathumbako kakhale kakang'ono, kakuti mai akakoleke pa phewa, manja onse awiri natsalira mwana.

Pali cinthu cina cacing'ono cimene sicifuna ndarama. Tengani kansaru, mulembepo dzina la mwana, dzina la amace, mudzi, mfumu yaikulu ndi nambala ya foni ngati iripo, ndipo mukasokerere pa malaya a mwana kapena kukamanga pa dzanja lace. Ngati simudziwa kulemba, aphunzitsi kapena mwana wa sukulu akulembereni. Kansaru kameneka ndiko kadzalankhula m'malo mwa mwana ngati afika yekha pakati pa anthu osamdziwa.

NCHITO YA MAFUMU

Tsopano ndinene kwa inu mafumu ndi anyakwawa, pakuti pa tsiku lotere maso a mudzi wonse ali kwa inu.

Coyamba, khalani ndi kaundula wa ana onse osakwana zaka 5, amai apakati, okalamba, odwala ndi olumala a m'mudzi mwanu. Lembani pamodzi ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi alangizi a zaumoyo amene amayesa ana ku sikelo. Kaundula wolembedwa madzi atafika kale sathandiza.

Caciwiri, sankhiranitu malo amene ndege ingatere. Akhale malo okwera, olimba, osapendekeka, opanda mitengo ndi mawaya a magetsi. Bwalo la mpira la pa sukulu ndilo limakhala labwino kawirikawiri. Mphepo ya mapiko a helikopita ndi yaukali ngati kamvulumvulu, imasasula denga la udzu ndi kuulutsa malata. Cotero cotsani pa bwalopo mphasa, zidebe, mapepala, malata ndi nsaru zoyanika. Ng'ombe, mbuzi ndi agaru zikhale kutali. Anthu aime kumbali imodzi, mapazi 100 a munthu wamkulu kucokera pamene ndege itere, ndipo ana onse ang'ono akhale obereka kapena ogwidwa dzanja.

Cacitatu, sungani dongosolo. Sankhani anyamata 4 amphamvu ndi aulemu oletsa anthu kuthamangira ndege. Mau otsiriza onena amene akwere ndi a asilikali a m'ndegemo, koma inu muwathandize poika patsogolo odwala, amai apakati, amai a ana ang'ono ndi okalamba. Yesetsani kuti mai ndi mwana wace wamng'ono akwere ulendo umodzi. Lembani maina a onse amene akwera, ndipo funsani asilikali kumene alikupita nao, kuti otsala adziwe kokawafuna. Mfumu imene ikweza abale ace poyamba, ana a eni ali pansi, idzanyozeka zaka zonse. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

POYANDIKIRA NDEGE

Apa ndipo pali ngozi yaikulu, tsono mverani bwino amai ndi abambo.

1. Ndege ikamatera, fulatirani, khalani pansi, ndipo phimbani nkhope ya mwana pa cifuwa panu kuti mcenga usamlowe m'maso.

2. Musasunthe kufikira msilikali atakukodolani. Kawirikawiri ndege siizima, mapiko amakhala alikuzungulirabe pamene anthu akukwera.

3. Dzerani kutsogolo kapena cakumbali, kumene woyendetsa akuonani. Kumcira musadzereko konse. Kumeneko kuli kaphiko kena kakang'ono kamene kamazungulira mofulumira mwakuti maso sakaona, ndipo kamapha munthu nthawi yomweyo.

4. Yendani cowerama, osathamanga. Mapiko akulu aja amagwadira pansi nthawi zina, makamaka kukakhala mphepo. Ngati malo ndi otsetsereka, dzerani kumunsi, osati kumtunda kumene mapiko ayandikira nthaka.

5. Bambo asanyamule mwana pa phewa kapena pa khosi monga timacitira popita ku msika, ndipo mai asasenze kanthu pa mutu. Khasu, ndodo, ambulera, zonsezi zisakwezedwe m'mwamba.

6. Mwana asayende yekha, ngakhale adziwa kuyenda. Musanayambe kupita ku ndege, mcotseni kumbuyo, mumbweretse kutsogolo, ndi kummanga bwino pa cifuwa ndi citenje, nsonga zace zitapisidwa. Mwana wa kumbuyo simumuona, ndipo mutu wace ungagunde citseko polowa.

7. Duku, cipewa kapena nsapato ya mwana ikauluka ndi mphepo, ilekeni ipite. Musaithamangire.

Ngati malo otera palibe, ndege imaima m'mwamba, msilikali natsika pa cingwe. Pamenepo mtima wa mai umakana kupereka mwana, koma mperekeni kwa msilikaliyo ndi kucita monga akuuzani, cifukwa iye anaphunzira nchitoyo ndipo ali ndi malamba ace omangira. Musagwire cingwe nokha, ndipo musakangamire miyendo ya munthu amene alikukwezedwa.

M'KATI MWA NDEGE

Mukalowa, khalani pamene akuonetsani, kaya ndi pa mpando kaya ndi pansi, ndipo musaimirirenso. Mwana akhale pa miyendo panu, nkhope yace itayang'ana kwa inu, manja anu onse awiri atamfukata. Ngati pali lamba, mangani m'cuuno mwanu mokha. Musazinge lamba mmodzi pa mai ndi mwana pamodzi, cifukwa ndege ikagwedezeka thupi la mai lidzapanikiza mimba ya mwana pa lambayo. Gwirani timanja tace kuti asakoke zingwe ndi zitsulo za m'ndege, ndipo mukhale naye kutali ndi khomo, pakuti nthawi zina ndege zimenezi zimauluka citseko ciri cotsegula.

Phokoso la m'katimo ndi lalikulu, simungamvane ndi mnzanu. Tsamiritsani khutu limodzi la mwana pa cifuwa panu, linalo mulitseke ndi cikhatho. Adzalira ndithu, ndipo kulirako si matenda. Musamkalipire kapena kummenya. Mwana amayang'ana nkhope ya amace kuti adziwe ngati pali coopsya, tsono inu mukakuwa iye adzaopa kawiri.

Inu amene munakwerapo galimoto kucokera pa Thabwa kukwera mapiri kupita ku Blantyre mudziwa umo makutu amatsekekera, ndipo mukameza malobvu amatseguka. Cimene cimacitika ndi ici: munthu akamakwera kapena kutsika, mphamvu ya mpweya wa kunja imasintha, koma mpweya wa m'kati mwa khutu umacedwa kulingana nao, ndipo kumeza kumatsegula kanjira kocokera ku mmero kupita ku khutu. Mwana sadziwa kumeza dala. Cifukwa cace muyamwitseni ndege ikamanyamuka, makamaka ikamatsika. Ngati analeka kuyamwa, mpatseni madzi pang'ono pang'ono. Musampatse mtedza, cimanga cokazinga kapena maswiti, angatsamwe nazo ndege ikagwedezeka. Musammwetse mankhwala ogonetsa kapena mowa kuti akhale cete. Akasanza, mpendeketseni cammbali ndi kumpukuta ndi nsaru. Ulendo wace ndi waufupi, sufika ngakhale nthawi yophikira nsima ndi ndiwo.

Ndege ikatera, musatsike kufikira atakuuzani. Malamulo a potsika ndi omwe aja a pokwera: werama, dzera kutsogolo, usayandikire kumcira, ndipo usatsitse mwana pansi kufikira utafika pamene paima anthu ena.

POFIKA KU MSASA

Ndege idzakusiyani ku msasa, monga uja unali pa Bangula mu 2015 ndi mu 2019, kapena pa sukulu yina ya kumtunda. Musaganize kuti ngozi yatha. Anthu akaunjikana malo amodzi, zitsime zitalowa matope ndi zimbudzi zitagwa, matenda amalowa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Lembetsani dzina lanu ndi la mwana kwa akomiti a pa msasa tsiku lomwelo. Ngati mwana wasowa, kapena mwatola mwana wa eni, kauzeni a Red Cross msanga. Pitirizani kuyamwitsa, ngakhale inu mwini simunadye bwino, pakuti mkaka wa m'mawere ndiwo cakumwa cokha ca pa msasa cimene matope sanacidetse. Madzi ena onse a mwana akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Sambani m'manja ndi sopo musanamdyetse, ndipo cimbudzi cace mukataye m'cimbudzi, osati kuseri kwa tenti. Akayamba kutsekula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, ndi kummwetsa pang'ono pang'ono kosalekeza. Mukaona maso alowa, sakukodza, akukana kumwa, kapena thupi latentha, thamangani naye kwa a cipatala, musadikire kuti kuce. Ndipo agone m'neti usiku uli wonse, cifukwa madzi akaphwa udzudzu umaswana m'zithaphwi, malungo nabuka.

NDEGE ZIKULU

Ena a inu muli ndi ana ku Johannesburg kapena ku maiko ena, ndipo nthawi zina mwana wanu wamkazi angakwere ndege yaikulu pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe ali ndi mdzukulu wanu. Muuzeni kuti mwana aliyense, ngakhale khanda, amafunika pasipoti yaceyace poturuka m'dziko. Wosakwana zaka 2 amaloledwa kukhala pa miyendo ya amace, koma akakwana zaka 2 amlipirira mpando wace. Ndege zimenezi zimakwera patali kwambiri, tsono bvuto la makutu ndi lalikulu koposa, ndipo mankhwala ace ndi omwe aja: bere kapena madzi ponyamuka ndi potsika. Atenge zobvala zosinthira ndi kacakudya kofewa m'cikwama ca m'manja, ndipo amvere anchito a m'ndegemo.

MAU OTSIRIZA

Mafumu, ndikupemphani kuti musanathe mwezi uno muitane anthu anu pa bwalo ndi kuwawerengera mau awa. Yeserani pa bwalo la mpira: ikani ngolo pakati ikhale ngati ndege, ndipo amai aphunzire kudzera kutsogolo cowerama, mwana ali pa cifuwa. Anthu adzaseka, koma thupi silidzaiwala. Yenderani nyumba ndi nyumba muone ngati kathumba kaja kapacikidwa, ndi ngati banja liri lonse lidziwa kumene ana ace adzagona madzi akadza. Tsoka silinunkha.

Munda wokokoloka tidzalimanso, ndipo ife alangizi tidzakhala nanu pa nchito ya ku madimba madzi akaphwa. Nyumba yakugwa tidzaumbanso njerwa. Koma mwana wopita ndi madzi sabwera. Mfumu yocenjera ndi imene ndege ikafika m'mudzi mwace ipeza ana onse anapita kale kumtunda ndi miyendo ya amai ao.

Sabata ya mawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzanena za kasungidwe ka mbeu za mapira ndi nyemba m'nyengo ya mvula.